Tofu wa m'katoni: ndigule kapena ndingosiya?

Nabanda: Abale, ndithandizeni maganizo. Ndikufuna kupanga shira-ae, saladi ya ku Japan ya tofu (mkaka wa soya wogwirana) wosinja, chitowe ndi masamba owiritsa. Tofuyo ndamupeza m'shopu ina kuno ku Lilongwe, wa m'katoni wochokera kunja, koma mtengo wake wandiopsa. Ndikufuna kuchepetsa nyama chifukwa cha chilengedwe. Kodi ndalamayi ipita pabwino?

aPhiri (Leeds): Achemwali, yang'anani kaye pa katonipo. Wosasungidwa mu firiji nthawi zambiri amakhala kinugoshi, wofewa komanso wamadzi ambiri. Wina ndi momen, amene amamufinya m'nsalu pomupanga, ndipo ngwolimbirako. Onse amatheka, koma kinugoshi mukamusinja osamukhetsa madzi, saladi yonse imangosanduka phala. Mukulungeni m'kansalu koyera, muike mbale yolemera pamwamba kwa mphindi 30. Chitowe mukazinge, musinje mpaka chiyambe kutuluka mafuta, kenako tofu, kashuga pang'ono ndi soy sauce kapena miso (soya wosinja wosasitsa, wa mchere). Sipinachi ndi karoti mungowiritsa pang'ono n'kufinya kwambiri. Ine ndikuti gulani.

Nangozo: Ine ayi. Soya tikulima tokha ku Mchinji, Kasungu, Ntchisi, ndiye tizikagula soya yemweyo atayenda nyanja zonsezo? Mwina nyembazo si za ku Japan n'komwe, chifukwa iwo soya wawo wambiri amagula ku United States, Brazil ndi Canada. Pangani nokha tofuyo: viikani soya usiku, mugaye, muwiritse bwinobwino, musefe pansalu, muthire madzi a mandimu mkakawo ukadali wotentha. Umagwirana mukuona ndi maso.

aPhiri (Leeds): Za ulendozo sizolemera monga mukuganizira, mayi. Kafukufuku wa Poore ndi Nemecek wa mu 2018 anaonetsa kuti mayendedwe ndi gawo laling'ono la utsi wochokera ku chakudya. Pa kilogalamu imodzi, tofu amatulutsa pafupifupi makilogalamu 3 a mpweya wotenthetsa dziko, pamene ng'ombe zoweteredwa nyama zimafika cha m'ma 99. Ngakhale wa m'katoniyo akuposa nyama kutali.

Nangozo: Chabwino, koma thumba la a Nabanda lilibe kafukufuku.

aMbewe: Mundilole ndilowererepo. Mayi Nangozo, mkaka wa soyawo muwiritsira chiyani? Ngati ndi pa mbaula, thumba la makala lija ndi mitengo yathu yomwe ikutha m'mapirimu. Nkhani ya chilengedwe kwathu kuno imayambira pa moto wophikira. Amene ali ndi gasi kapena magetsi apange yekha, palibe vuto. Komanso wa mandimu amamveka kowawasa pang'ono ndipo sasalala ngati wa nigari, madzi owawa otsala popanga mchere wa m'nyanja omwe a ku Japan amagwiritsa ntchito.

Nangozo: Apo mwanena zoona, bambo. Koma kowawasako kamabisika ndi chitowe. Ndipo wopanga yekha amatsala ndi okara, zotsalira pansalu zija. Ku Japan sataya, amaphika ndi karoti ndi anyezi. Ine ndimasakaniza mu ufa wa zikondamoyo. Wa m'katoni sakupatsani zimenezo, amangokusiyirani katoni yoti mukataye.

Nasimango: Chomwe chikundisangalatsa n'choti shira-ae ikufanana ndi ndiwo zotendera, kungoti m'malo mwa nsinjiro pali tofu ndi chitowe. Bonongwe angalowe bwino m'malo mwa sipinachi. Koma a Nabanda dziwani kuti siigona, mawa lake imakhala yataya madzi. Pangani yoti ithe tsiku lomwelo.

Nabanda: Zikomo nonse. Ndigula katoni imodzi yokha kuti lilime lidziwe kaye tofu weniweni, apo ayi sindingazindikire ngati wanga wapsa bwino. Ndimaphikira gasi, ndiye kenako ndiyesa njira ya a Nangozo. Mayi, pa makapu awiri a soya wouma mumafinyira mandimu angati?

Nangozo: Yambani ndi awiri, muzithira pang'onopang'ono. Madzi akangoyera n'kuoneka achikasu, siyani pomwepo.