Gulu la Adzukulu a Anaphiri: nkhani ya Juniyo

Malume a ku Jali: Abale, Juniyo akadali kupolisi chimugwirireni Lachiwiri madzulo. Ine ndanena kale, iyi ndi nkhani ya malire a munda, tipite nayo kwa amfumu.

Mdzukulu wa ku Chanco: Pepani malume, nkhanizi ndi ziwiri. Za malirezo amfumu angathe kuziona. Koma poti munthu amene anakangana ndi Juniyo uja anavulala mpaka kusokedwa kuchipatala, umenewo ndi mlandu wa boma. Amfumu sangautseke.

Azakhali a ku Matawale: Ndiye mwanayo azingogona pasimenti mpaka liti?

Mdzukulu wa ku Chanco: Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko limati womangidwa afikitsidwe kukhoti pasanathe maola 48. Maolawo akatha khoti litatseka, amapita tsiku lotsatira la ntchito. Ndiye tiyembekezere mawa Lachisanu m'mawa kwa majisitireti.

Achimwene a ku Joni: Ine K40,000 ndatumiza dzulo. Ya belo yakwana?

Mdzukulu wa ku Chanco: Achimwene, belo ya kupolisi salipira. Koma akafika kukhoti, majisitireti angathe kutchula ndalama, komanso kufuna achibale omuimira oti akathawa ayankhe ndi iwowo. Apite ndi ziphaso zawo za unzika.

Azakhali a ku Matawale: Tinagwirizana K20,000 khomo lililonse. Apereka ndi makomo 4 mwa 11. Ena akungowerenga osayankha.

Mlamu wa ku Chinamwali: Ife tipereka mwezi ukatha. Komatu ndalama izi asunge wina, za pamaliro zija sitinamve mathero ake.

Azakhali a ku Matawale: Alamu, zimenezo lero ayi chonde.

Malume a ku Jali: Ndalama zonsezi zachiyani? Kwa amfumu nkhuku imodzi nkhani yatha!

Achemwali a ku Thondwe: Kodi amene achokere ku Jali mawa anditengereko nandolo wanga ali kwa malume.

Mlamu wa ku Chinamwali: Nandolo chaka chino akugula bwanji kumeneko?

Mayi a Juniyo: Abale anga, mwana wanga sanadye chakudya chapakhomo masiku awiri, inu muli pa nandolo?

Achemwali a ku Thondwe: Pepani achemwali, ndalakwa. Yanga nditumiza pa Mpamba usiku uno.

Achimwene a ku Joni: Nanga loya? Ndamva ndi odula.

Mdzukulu wa ku Chanco: A Legal Aid Bureau ali ndi ofesi konkuno ku Zomba, amathandiza osowa ndalama ya loya. Ndipita ndi amayi ake. Chofunika wina amuuze Juniyo kuti mawa akamuwerengera mlandu asavomere chifukwa chongofuna kutuluka msanga. Akavomera, khoti limangopita pa chilango, mboni zake sizimvekanso. Akakana, boma ndiye libweretse umboni.

Mayi a Juniyo: Nanga akamulamula ndende?

Mdzukulu wa ku Chanco: Pali apilo ku khoti lalikulu, ndipo lilipo mom'muno mu Zomba, sitivutika ulendo wa ku Blantyre. Koma sitinafike kumeneko amayi.

Malume a ku Jali: Iwe mwana, sukulu yako ndaimva, koma amfumu ndikawaonabe.

Azakhali a ku Matawale: Kawaoneni achimwene, za mundazo zikufunikadi. Koma K20,000 yanu sinafike. Ndipo omuimira mawa ndani? Ine ndilipo, wachiwiri?

Azakhali a ku Matawale: A ku Songani mukuwerengatu. Wachiwiri?