Magiya a kachigayo kanga aja asiya kulumpha

Abale, sabata yatha ndinafunsa chifukwa chimene magiya a kachigayo komwe ndikupanga mu Algodoo, pulogalamu ya pakompyuta yoyeserera mmene zinthu zimayendera, ankalumphira mano mota ikangoyamba kuzungulira. Ndabwera kudzanena kuti zatheka.

Achimwene ena a ku Mbare anati ndione kukula kwa mano, ndipo analasa. Giya yaying'ono ndinaijambula tsiku lina, yaikulu mawa lake, osazindikira kuti mano ake ndawakulitsa. Nditajambulanso zonse ndi mano ofanana kukula, ina 10 ina 30, zinalumana bwinobwino: yaying'ono ikazungulira katatu, yaikulu kamodzi.

Koma kunjenjemera kunatsala. Apa ndiye ndinatuluka thukuta mpaka batire ya laputopu kutha, magetsi atazima kuno ku Highfield. Kani vuto linali kulemera. Giya yaikulu inali yachitsulo, inzakeyo yopepuka ngati pepala. Pulogalamuyi imawerengera mayendedwe maulendo 60 pa sekondi, ndiye chopepuka chikamakankha cholemera kwambiri masamu ake amasokonekera. Ndinaziika chitsulo zonse ziwiri, n'kukweza chiwerengero chija kufika pa 200. Laputopu ikutentha ndithu, komabe chigayo chikuyenda.

Lamba wopita ku nyundo ndiye akutererabe. Usiku uno ndiyesa kumukungitsa, ndione ngati angagwire.