Timasankha zomwe timakonda kapena timakonda zomwe tinasankha?

WakuMangochi: Abale tandithandizeni. Nditangofika ku Joni kuno ndinalowa mshopu ku Yeoville, maufa ali mbwee, ndinangotola White Star poti ndi amene anali pafupi. Pano zaka 6 zatha, mayi akunyumba akagula mtundu wina ndimangoti nsimayi siikulowa. Vuto ndi lilime kapena mutu?

Mlongo wa ku Rosettenville: Ndi mutu achimwene kkkk. Mu 1956 Jack Brehm, katswiri wa za kaganizidwe ka anthu ku America, anauza azimayi kuti apereke malikisi pa katundu wa mnyumba, kenako aliyense asankhe chimodzi pa ziwiri zomwe anazikonda mofanana. Atawafunsanso, chomwe anasankhacho anachikweza, chinacho nkuchitsitsa. Mtima sufuna kuvomera kuti mwina unaphonya ndiye umadzikhazika pansi wokha.

Dalaivala: Zoona izi aise. Ine Pirates ndinayamba kuisapota chifukwa bwana wanga anali wa Chiefs, kungofuna kumuputa basi, koma lero ikaluza ku Orlando ngakhale chakudya sindidya.

Gogo: Ana inu mwachulutsa sukulu, nchizolowezi chabe. Muphikireni ufa winawo osamuuza, tione ngati angazindikire.