Kodi ku England m'zaka za m'ma 1500 ndi 1600 milandu ya chigololo ankaizenga bwanji?

Nachisale: Akuluakulu, ndithandizeni. Tchimo la chigololo limachitikira kuseri, ndiye makhoti a nthawi imeneyo umboni ankaupeza kuti? Nanga zilango zake zinali zotani?

Bambo Phiri: Mayi, milandu yambiri yotere inkapita kukhoti la tchalitchi, la archdeacon (mkulu wa ansembe wa pansi pa bishopu) kapena la bishopu. Akulu osamalira tchalitchi m'parishi iliyonse ankalumbira kuti apereka mayina a anthu amene mbiri yawo yaipa, ndipo mphekesera yofala m'mudzi inali yokwanira kuti munthu aitanidwe. Akakana mlandu, ankalumbira kuti sanachite, kenaka n'kubweretsa anansi angapo a mbiri yabwino, nambala yake atatchula woweruza. Anansiwo sankalumbira za zomwe anaona ayi, koma kuti akukhulupirira lumbiro la mnzawoyo. Akapanda kukwana, mlandu wamugwera. Apa mpamene panali polakwika: mlendo kapena mtsikana wantchito wochokera kutali akanawapeza kuti omuikira kumbuyo?

Khotili linalibe mphamvu yopha kapena kukwapula. Chilango chinali manyazi. Lamulungu wolakwayo ankaima pamaso pa mpingo wonse, wopanda nsapato, atafunda nsalu yoyera, ndodo yoyera kumanja, n'kuulula tchimo lake mokweza. Ena ankaimikidwanso pamsika. Kenaka ankabweza kukhoti kalata yosainidwa ndi m'busa yotsimikizira kuti wachitadi. Wokana kubwera ankadulidwa mumpingo, ndipo osauka ambiri ankangokhala odulidwa choncho.

Nachisale: Kodi olemera nawonso ankafunda nsaluyo?

Gogo Nasibeko: Kawirikawiri ayi, mwanangu, ankaombola ndi ndalama. Mu 1616 Thomas Quiney wa ku Stratford-upon-Avon anavomera kuti anagona ndi Margaret Wheeler, yemwe anali atangomwalira pamodzi ndi khanda lake. Analamulidwa kufunda nsalu yoyera Malamulungu atatu, koma chilangocho chinasinthidwa: anapereka mashiling'i 5 othandizira osauka, n'kukaulula mwakachetechete atavala zovala zake.

Nkhanza zenizeni zinali kumakhoti a boma, ndipo zinkayamba pakaoneka mimba, poti parishi inkaopa kudyetsa mwanayo. Lamulo la 1576 linapatsa oweruza awiri a m'dera mphamvu yolanga makolo ndi kuwalipiritsa za chisamaliro. Azamba ankafunsa dzina la bambo wa mwana pa nthawi imene mayi ali pa ululu wobereka, poganiza kuti pamenepo sanganame. La 1610 linati mayi amene mwana wake wakhala mtolo wa parishi akakhale chaka chathunthu m'nyumba ya ntchito yakalavulagaga. La 1624 ndiye loopsa: mkazi wosakwatiwa akabisa imfa ya khanda, ankatengedwa ngati walipha, pokhapokha mboni imodzi itanena kuti linabadwa lakufa. Mimba sibisika, koma bambo ankatha kukana kapena kuthawa.

Mphunzitsi Banda: Tionjezere za 1650. Makhoti a tchalitchi atatha mphamvu pa nkhondo yapachiweniweni, Nyumba ya Malamulo inaika chilango cha imfa kwa mkazi wokwatiwa wochita chigololo ndi mwamuna wochita nayeyo, ndi ndende ya miyezi itatu pa dama la mwamuna ndi mkazi wosakwatiwa. Mwamuna wokwatira wogona ndi mbeta sankaphedwa. Anthu a jury, anthu wamba osankhidwa kuti agamule mlandu, ankazengereza kupereka munthu kuchingwe pa nkhani yotere, moti ophedwa anali ochepa kwambiri. Lamulolo linatha mu 1660 pamene Mfumu Charles II anakhala pampando.