Kodi kutseka malire kumachepetsadi Covid-19? Ndithandizeni

Moni nonse a m'gulu lino, makamaka inu azaumoyo.

Ndathedwa nzeru. M'dera lathu odwala Covid-19 ayambanso kuchuluka, ndipo komiti yathu yagawikana. Ena akuti tipemphe boma litseke chipata cha m'malire. Ochita malonda odutsa malire akuti kutero n'kuwapha ndi njala, komanso anthu azingozembera njira zachidule komwe kulibe n'wowayeza yemwe. Ine ndiye andisankha kuti ndikalankhule pamsonkhano Loweruka lino.

Ndawerenga zikalata za unduna wa zaumoyo, koma zimangotchula malamulo osafotokoza chifukwa chake. Namwino wina nditamufunsa anangoti katemera ndi masiki basi. Chikundisokoneza kwambiri ndi nkhani ya Omicron, mtundu wina wa kachilombo ka Covid-19. South Africa italengeza za mtunduwu mu November 2021, mayiko ambiri analetsa ndege zochokera kum'mwera kwa Africa, chonsecho ku Netherlands anaupeza mwa anthu omwe anayezedwa chilengezocho chisanachitike. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO nalo linatsutsa ziletso zoterozo.

Ndiye ndifunse: matenda akafala kale pakati pathu, kutseka malire kumathandizabe? Nanga chikalata cha PCR chomwe ankafuna m'malire, chosonyeza kuti munthu wayezetsa m'maola 72 apitawo ndipo sanapezeke ndi kachilombo, n'chodalirika bwanji, poti munthu angathe kutenga kachilombo m'basi atayezetsa kale? Amene munagwirapo ntchito pachipata, chonde ndiuzeni zomwe munaona.