Supu wa maungu ndi maapozi, alipo anaphikapo muno?

Nachisale_MC

Moni nonse muno. Ndili ndi funso kwa inu odziwa za kukhitchini. Amayi kumudzi ku Mkanda anditumizira maungu thumba lodzadza, chaka chino abereka moti ena akungowolera mmunda, nde kuno pa Boma ana atopa nawo, mmawa maungu owiritsa, Loweruka futali, ndikangogwira mpeni ayamba kale kukwinya nkhope kkkk. Mlamu wanga amene ali ku Johannesburg ati kumeneko kukazizira amaphika supu wa butternut wothira maapozi, amamwa ndi buledi madzulo ndipo ati thupi limatenthera bwinobwino. Ndi mphepo ya June ya ku Mchinji kunoyi ndaganiza zoyesa.

Koma vuto ndi iyi, resipi anatumizayo ikufuna butternut pomwe ine ndili ndi maungu akumudzi, ikufunanso blenda ndi kirimu ndi uvuni, zonsezo ine ndilibe, ndimaphika pa mbaula. Komanso apozi mu supu wothira mchere ndi anyezi zikugwirizana bwanji eti? Ndigule ofiira kapena obiriwira aja? Sindikufuna kutaya ndalama, maapozi si otchipa.

Mayi_a_Tadala_KU

Achemwali musadandaule, zimatheka kwambiri ndipo zinazo mwatchulazo palibe chimene mukufunika kugula kupatula apoziyo. Ine ndinagwirapo ntchito yophika pa loji ina kuno ku Kasungu ndipo supu ameneyu timaphika pafupipafupi nyengo yozizira, butternut akasowa timangotenga dzungu la pamsika alendo osadziwa nkomwe.

Chachikulu ndi kusankha dzungu. Mwa maungu athu alipo amadzimadzi aja ukawiritsa amangoti phwetephwete osakoma, amenewo asiyeni ndithu. Fufuzani muthumbamo lokhwima bwino, lolemera mukalinyamula, chikamba cholimba choti chikhadabo sichilowa, kamtengo kake kouma, mukalidula mkati mukhale mwa olenji wakupsa osati motuwa. Laufa lija limene limagwira kukhosi ukamadya opanda tiyi, ndi lomwelo lofunika. Butternut amamukonda chifukwa alibe ulusi wambiri komanso ndi wotsekemera, basi, palibe matsenga ena.

Nayi mmene ndimapangira. Dzungu losendasenda ndi kuchotsa nthanga likwane kilo imodzi, anyezi mmodzi wamkulu, adyo tizidutswa 3, jinja kachidutswa kofanana ndi chala chachikulu, apozi mmodzi wamkulu kapena awiri ngati ali ang'ono, mafuta masupuni 3, madzi makapu 4, mchere. Ngati muli ndi ufa wa kale (curry) uja wachikasu timathira mu nyama, tiyisupuni imodzi imakwana.

Pomwe pagona nkhani ndi apa, musalithire madzi dzungulo nthawi yomweyo. Resipi ija ikunena za uvuni chifukwa akufuna kuti dzungu liyambe lapsa mbali mbali, shuga wake atuluke, apo ayi supu amangomveka ngati madzi owiritsira maungu. Pa mbaula pali njira ziwiri. Mutha kudula mapisi aakulu, kupaka timafuta nkuika pa waya wowotchera chimanga makala atayaka bwino opanda utsi, muzitembenuza mpaka lichite madontho a bulauni, kafungo ka makala kameneko nkomwe uvuni ya magetsi siingakupatseni. Ngati mulibe nthawi dulani timabokosi ting'onoting'ono mukazinge mu poto momwemo ndi mafuta, osavundikira, osatakasa pafupipafupi, mulisiye ligwire pang'ono pansi. Likatero mulichotse kaye, mukazinge anyezi pa moto wochepa mpaka afewe osati kupserera, kenako adyo, jinja ndi ufa wa kale uja kwa kamphindi, mubwezere dzungu lija, muike apozi wosenda wochotsa njere, thirani madzi otentha ndi mchere, vundikirani. Maminitsi 20 kapena 25 zimakhala zapsa, mukadinda ndi mthiko zizingosungunuka.

Za blenda iwalani. Tsanulirani msuziwo mu mbale ina kaye, zotsalazo muziphwanye ndi mthiko ngati mukuvundula nsima, mukatero muzidutsitse pa sefa ya waya mukukanikiza ndi kumbuyo kwa chipande, ulusi wonse umatsala pamwamba. Nde muzibwezera msuzi uja pang'onopang'ono mpaka afike pomwe mukufuna, ine ndimakonda woti ukamiza supuni azimata koma azitsika yekha.

Mmalo mwa kirimu, inu muli ku Mchinji kwawo kwa mtedza mukufunanso chani kkkk. Nsinjiro zosefa bwino masupuni 3 kapena 4, muzisungunule kaye mu kapu ndi madzi ofunda kuti zisachite mibulu, thirani mu supu muphikenso maminitsi 10 pa moto wochepa mukutakasa chifukwa zimagwira pansi msanga. Kwa ine nsinjiro zimaposa kirimu, amene akufuna kutsutsa abwere.

Apozi gulani wobiriwira, wowawasa uja, dzina lake Granny Smith. Ntchito yake mmenemo si yotsekemeretsa ayi, dzungu ndi lotsekemera kale, iyeyo amabwera kudzadula kutsekemerako kuti supu asakukoleni mutangomwa theka la mbale. Ofiira aja akangolowa mmoto sakumvekanso.

Mlimi_wapaSanthe

Kkkkk amayi inu mwatenga phala la maungu lomwe agogo athu ankatiphikira nkulipatsa dzina la mtauni basi. Dzungu, nsinjiro, mchere, mesa ndi futali wochulukitsa madzi ameneyu? Chomwe mwawonjezera ndi apozi yekha, ndipo ndalama ya apozi mmodziyo ndingagule mulu wa tomato ndi anyezi wake ndiwo zamasiku awiri.

Komanso tinene zoona, ife nyengo ino timakhala mchigafa kusankha fodya kuyambira mbandakucha, kudinda mabelo oti apite ku okushoni ku Chinkhoma, nde ndibwere kunyumba madzulo andipatse supu ndi kabuledi ati ndiye mgonero? Ndigona ndi njala ine. Supu ndi wothira pa nsima achemwali, osati womwa ndi supuni ngati wodwala ali pa bedi. Koma za kuwotcha dzungu pa makala zokhazo ndavomera, timawotcha kudimba ndipo limakomadi kuposa lowiritsa.

Mayi_a_Tadala_KU

Achimwene a pa Santhe palibe wakuletsani nsima yanu kkkk, imwani kapu imodzi ya supuyu nthawi imene mukudikira kuti madzi a nsima awire, muone ngati simupempha ina. Ndipo futali alibe anyezi, jinja ndi adyo, musatinamize.

Sisi_Zaumoyo

Ine ndilowererepo mbali ya ana poti a Nachisale atchula kuti ana atopa ndi maungu. Musawasiyitse, sinthani kaphikidwe ngati mmene mukufuniramu. Mtundu wa olenji uli mkati mwa dzunguwo ndi umene thupi limausandutsa vitamini A, yemwe amathandiza maso, khungu ndi chitetezo cha mthupi, ndipo dzungu likakhala lakupsa mtundu kwambiri ndiye kuti ali wambiri. Koma chimene ambiri sadziwa nchoti vitamini ameneyu amalowa bwino mthupi pakakhala mafuta, nde dzungu longowiritsa mmadzi nkudya ndi tiyi wopanda mkaka mwana amapindula pang'ono poyerekeza ndi la mafuta ndi nsinjiro. Apa resipi ya mayi a Tadala yakhoza. Mukawerenga magulu 6 a zakudya aja timaphunzitsa kusikelo, mu poto mmodzi yemweyu muli kale zamasamba, zipatso, zanyemba ndi zamafuta, mukamwa ndi buledi kapena mbatata mwawonjezera chokhutitsa.

Ngati dzungu lanu lili lamadzi ndipo palibe lina, sakanizani ndi mbatata yofiira mkati, Kadyaubwerere kapena Chipika, theka ndi theka, supu amalimba bwino ndipo vitamini A ndi yemweyo.

Chenjezo langa lili pa mtedza. Nsinjiro zogula zopangidwa kale pamsika simudziwa kuti anasinja mtedza wotani, ena amasinja wotsala posankha. Mtedza wa chuku, wofota, wakuda mkati kapena wowawa umatha kukhala ndi poizoni amene amawononga chiwindi ndipo kuphika sikumupha ayi, olo muwiritse tsiku lonse. Sankhani nokha mtedza, musinje nokha mu mtondo. Mwana amene wakwana miyezi 6 atha kudya supuyu, kungoti mumupatulire wake musanathire mchere wambiri ndi tsabola, ndipo akhale wolimbirapo ngati phala kuti asangodzaza mmimba ndi madzi.

WaGeni_Mwami

Ine ndimagulitsa zipatso ndipo ndimadutsa pa boda ya Mwami kukaoda ku Chipata nde za maapozi ndiyankhepo. Ambiri amene mumaona mmakatoni pa Boma, pa Kamwendo olo ku Lilongwe amachokera ku South Africa, kwenikweni chigawo cha Western Cape kumalo ngati Ceres ndi Elgin. Kumeneko amathyola kuyambira kumayambiriro kwa chaka mpaka cha mma May, nde miyezi ino ya June ndi July mukugula atsopano ndithu, nchifukwa chake supuyu amagwirizana ndi nyengo, dzungu lakhwima apozi nayenso ndi watsopano. Mukaona mavidiyo a azungu a ku America akunena zoti supu ameneyu ndi wa October musasokonezeke, kwawoko ndi pomwe amakolola maungu kuzizira kukuyamba, kuno October ndi dzuwa loswa mtengo ndani angamwe supu wotentha.

Mayi a Tadala anena zoona pa Granny Smith, amasungikanso nthawi yaitali kuposa ofiira. Mukamagula dinani ndi chala pafupi ndi kamtengo, akabonyoka musiyeni. Ndipo ndikuuzeni chinsinsi cha geni, funsani wogulitsa ngati ali ndi ogundika, aja ali ndi kabala mbali imodzi, timatsitsa mtengo chifukwa anthu sawafuna, inu mukungodula pogundikapo nkutaya, poti akukalowa mu poto kukongola kwake kulibe ntchito.

Ngati ndalama palibiretu, chomwe mukufuna ndi kuwawasa basi, nde bwemba amagwira ntchito. Nyikani tizidutswa tingapo mmadzi otentha, mufinye, musefe, muzithira supuni imodzi imodzi mukulawa. Ndimu nayenso, koma iyeyo mufinyire kumapeto mutaphula. Magwafa musayese, njere zake ndi fungo lake zimalanda supu yense. Sindikunama, kukoma kwa apozi nkosiyana, kali ndi kafungo kake, koma wa bwembayo sanyozeka.

Kwa amene muli ndi blenda mukuwerenga muno, musathiremo supu akuwira nkutseka chivundikiro, nthunzi imakankha chivundikirocho supu nkukuthirani kumaso. Mudikire azizire pang'ono, muthire theka lokha, mugwire pamwamba ndi kansalu.

Nachisale_MC

Zikomo kwambiri nonse, mayi a Tadala mwandimasula ndithu, sefa ndili nayo mtedza ndili nawo wa chaka chino. A Santhe nsima iphikidwa musaope, bambo a kunyumba kuno ndi amodzi ndi inu kkkk. Ndifunsenso ziwiri, mwana wanga wamkulu nsinjiro sakonda, nde ndingathire mkaka wa ng'ombe mmalo mwake? Komanso filiji ndilibe, akatsala ndingasunge mpaka mawa?

Mayi_a_Tadala_KU

Mkaka utheka koma samalani, mu supumo muli apozi wowawasa nde mukathira mkaka uku akuwira umadukaduka nkuchita timibulu ngati chambiko. Phulani kaye poto, adikire pang'ono, mkakawo muwiritse padera nkuuthira uli wofunda, theka la kapu likwana, mukatero musabwezerenso pamoto waukulu. Wa ufa nawonso utheka, musungunule masupuni 2 mmadzi ofunda. Njira yabwino kwa inu, phikani supu yense opanda nsinjiro opanda mkaka, mugawe pawiri, aliyense alandire zake, simukangana ndi mwana.

Zosunga, popanda filiji ine sindilimbikitsa kuti agone wothira kale mkaka kapena nsinjiro, amasasa msanga olo kukuzizira chonchi. Patulani woti mudye lero yekha ndi amene muthire zimenezo. Wotsalayo muwiritse bwinobwino usiku, muvundikire osaikamonso supuni, mmawa muwiritsenso mpaka abwadamuke musanapatse munthu. Akayamba thovu kapena kafungo kosasa tayani osaumira. Wa ana opita kusukulu mutha kuwathirira mu fulasiki ali wotentha kwambiri, amafika nthawi ya buleki.

Nthanga zija musataye. Tsukani, muyanike padzuwa, mukazinge pa chiwaya ndi madzi a mchere pang'ono ngati mmene timachitira mtedza, muwaze pamwamba pa supu pomwa. Zina musiye zosakazinga za dzungu limene lakoma kwambiri mukawapatse amayi adzabzale dzinja likubwerali.

Nabanda_Kapiri

Ndangolowa kumene ndawerenga zonse, ine maungu atha koma mphonda zilipo zambiri, zingatheke?

Mayi_a_Tadala_KU

Mphonda ayi asisi, ndi zamadzi komanso zilibe kutsekemera koti apozi alimbane nako, supu wake atuluka wotuwa wosamveka kanthu. Ngati muli ndi mbatata yofiira mkati gwiritsani ntchito imeneyo yokha kilo imodzi, madzi muwonjezere kapu imodzi chifukwa imalimba kuposa dzungu.