Kukapuma ku Likoma ndi chikwama chokha kumsana: zingatheke pa malipiro a mphunzitsi?

Nabanda_wa_Area25 walemba:

Moni nonse muno. Ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Lilongwe, ndipo chaka chino chandifinya. Kalasi yanga ndi yodzaza mpaka ana ena amakhala pakhomo penipeni, moti pofika Lachisanu mawu amakhala atasasa. Holide ikubwerayi sindikufuna kupita kumudzi. Nonse mukudziwa kuti kumudzi sikopumira: ukafika lero, mawa uli kumunda, mkuja uli pa mlandu wa malire, ndipo aliyense akudziwa kuti walandira.

Ndikufuna malo oti ndikangogona pamchenga, osamva belu, osamva "madamu, wandimenya". Mnzanga wina wanditchulira Likoma, koma iyenso sanapiteko, anangoona zithunzi pa Facebook. Ndiye ndifunse amene munafikako. Kodi munthu wa malipiro a boma angakwanitse, kapena malo ogona kumeneko ndi a azungu okhaokha? Mkazi kuyenda yekha palibe vuto? Sitima sindinakwerepo chibadwire, ndipo madzi ndimawaopa pang'ono. Ndithandizeni.

Chikwama_Kumsana wayankha:

Achemwali, pitani. Ndalama mukwanitsa mukakonzekera bwino. Chimene Likoma amadya kwambiri si ndalama koma masiku, chifukwa tsiku lofika ndi lochoka amakusankhirani ndi sitima, osati inu. Ngati muli ndi masiku atatu okha, pitani ku Senga Bay basi. Ngati muli ndi sabata ndi masiku ena apadera, werengani izi.

Ine ndinadzera ku Mzuzu, kenako minibasi yotsetsereka kupita ku Nkhata Bay, n'kukakwera sitima ya Ilala kumeneko. Nthawi imene ndinkapita, inkachoka ku Nkhata Bay Lolemba usiku kulowera kummwera, n'kuyamba yaima pa chilumba cha Chizumulu, kenako Likoma Lachiwiri. Inkadzabweranso Loweruka kuchokera ku Monkey Bay. Izi muzifunsenso ku ofesi yogulitsa matikiti sabata yomwe mukunyamuka, chifukwa sitimayi ndi gogo: inapangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera ili zidutswazidutswa kudzera ku Mozambique, n'kuyamba ntchito panyanja mu 1951. Nthawi zina imakhala ili kokonzedwa ku Monkey Bay. Palinso maboti ena ocheperapo oyenda pakati pa Nkhata Bay ndi Likoma, koma poti mwati madzi mumawaopa, ulendo woyamba kwerani yaikulu.

Pa doko usiku uja mudzaona zimene sindingathe kukufotokozerani zonse. Matumba a chimanga, malata, simenti, makatoni a sopo, makireti a zakumwa, njinga, nkhuku m'madengu, zonse zikulowa m'sitima imodzi ndi anthu. Ku Likoma nthaka ndi ya miyala ndi mchenga, chimanga sichikwanira, ndiye zambiri zimachokera kumtunda. Tikiti yotsika mtengo ndi ya pansi, koma kumatentha ndipo kumapanikizana ndi katundu. Ine ndinawonjezera ndalama n'kukwera pamwamba penipeni, pabwalo, pamene umayala chitenje n'kugona ukuona nyenyezi. Pamenepa musaumire. Tengani juzi, chifukwa m'bandakucha mphepo ya panyanja imalowa m'mafupa ngakhale mwezi wotentha.

Za malo ogona. Kuli loji zodula zolandira anthu obwera pa ndege, poti bwalo la ndege laling'ono liliko. Zimenezo si zathu. Koma kulinso za anthu oyenda ndi zikwama, komanso maresitihausi wamba ku Mbamba, komwe kuli msika ndi masitolo. Ine ndinagona pa loji ina kumadzulo kwa chilumba, kutali ndi msika. Kuchokera ku Mbamba ndinakwera kabaza wa njinga yamoto mpaka pamene msewu unathera, kenako wapansi kutsika kaphiri ka miyala pakati pa milambe. Ukangotulukira pamwamba paja, ukuona mchenga woyera, timanyumba ta udzu m'mbali mwa madzi, ndi Chizumulu chili uko patsogolo. Panali zosankha zitatu: kanyumba kako wekha, chipinda cha mabedi ambiri chogona ndi alendo ena, kapena kumanga tenti pamchenga. Ndinatenga bedi m'chipinda cha anthu ambiri, ndipo masiku ena ndinalimo ndekha, poti alendo amabwera ndi sitima n'kuchokanso ndi sitima. Inu ngati mayi funsani za kanyumba kotsika mtengo kapena chipinda chokhala akazi okha.

Mitengo m'malo otere imalembedwa m'madola, ndipo chigwereni kwacha mu Novembala 2023 palibe chifukwa choti ndikuuzeni nambala yanga yakale, ingokusocheretsani. Alembereni uthenga musananyamuke, munene kuti ndinu Mmalawi, mufunse ngati ali ndi mtengo wa eni dziko. Malo ambiri a m'mbali mwa nyanja amakhala nawo, koma sakuuza ukapanda kufunsa. Ndipo musachite manyazi ndi azungu a zikwama aja. Amawerenga ndalama kuposa ife. Ndinaona mnyamata wina wa ku Germany akukambirana mtengo wa nthochi ndi mayi wogulitsa mpaka mayiyo anayamba kuseka.

Chodya ndalama ndi khitchini ndi bala ya pa loji, osati bedi. Chakumwa chilichonse chakwera sitima, ndiye mtengo wake ukumveka. Ine ndinkadya m'mawa pa loji, masana n'kuyenda kupita kumudzi wapafupi kapena ku Mbamba kukadya nsima ndi utaka wowotcha, nthawi zina kondowole. Ngati kondowole simunadyepo, muyambe ndi mtanda waung'ono, imamata m'manja ndipo imakhalitsa m'mimba. Tengani ndalama m'manja zokwanira kuchokera ku Mzuzu. Ma ejenti a Airtel Money ndi Mpamba aliko, koma musadalire kuti nthawi zonse akhala ndi ndalama zokupatsani.

Tsopano za kupuma kwenikweniko. Tsiku loyamba simudzapuma, ndikuuzirenitu. Dzanja limangopita lokha ku foni, mutu ukuwerengabe ntchito. Mwamwayi pagombe pamene ndinali netiweki inkagwira ukakwera kaphiri, ndipo kukwera kaphiri dzuwa lili pamutu chifukwa cha WhatsApp munthu umatopa nako msanga. Pambuyo pake tsiku limayenda lokha. Umadzuka ndi mawu a asodzi akubwerera, n'kupita kukaona akukhuthula usipa m'mabwato, amayi atazungulira ndi mabeseni, wina akuyanika pa thandala. Ukabwerako umalowa m'madzi dzuwa lisanakwere. Madziwo ndi oyera moti uli chiimire mpaka m'chiuno ukuona zala zakumapazi.

Anandibwereka galasi losambira nalo, ndipo ndinakagona chafufumimba pamadzi pafupi ndi miyala, mosazama n'komwe. Achemwali, nsomba za mbuna zija timangozimva m'mabuku a sukulu ndinaziona pamaso panga: zabuluu, zachikasu, zamizeremizere, zazifupi ngati chala, zikudya ndere pamiyala, chilichonse chikulondera kamwala kake n'kumathamangitsa chinzake chikayandikira. Ndinakhala pamenepo mpaka msana unapsa. Inu oopa madzi mutha kuchita zimenezi mapazi ali pansi.

Masana ndinkagona pansi pa mtengo wa mango, osaganiza kanthu. Madzulo bawo ndi anyamata ogwira ntchito pa lojipo, omwe anandidya mosandimvera chisoni. Dzuwa limalowera kuseri kwa Chizumulu, ndipo kukada nyali za asodzi a usipa zimandandalika panyanja ponse. Zochita zina kulibe, ndipo n'chimene ndinapitira. Musadzipangire pulogalamu.

Mwana_wa_ku_Chipyela wayankha:

Mayi mphunzitsi, takulandirani kwathu. Achimwene a Chikwama afotokoza bwino za ulendo, koma pa mawu akuti "zochita zina kulibe" ndiye ayi, ndikana. Umenewo ndi mlendo amene anangoona mchenga wa pa loji.

Simungafike ku Likoma osalowa mu tchalitchi cha St Peter's, ngakhale mutakhala wa CCAP kapena Msilamu. Amishoni a UMCA, a mpingo wa Anglican, anakhazikika pachilumbachi m'zaka za m'ma 1880, nthawi ya Chauncy Maples ndi William Percival Johnson, n'kupanga Likoma kukhala likulu lawo. Tchalitchicho anayamba kumanga mu 1903, n'kuchipatulira mu 1911, ndipo anachimanga pa Chipyela, malo amene kale ankawotcherapo anthu oganiziridwa ufiti. Mukachiona kukula kwake pa kachilumba ka masikweya kilomita 18 okha, mudzagwira pakamwa. Mupite Lamulungu m'mawa, mumve kuimba kwa anthu akwathu. Ndi chifukwa cha amishoni omwewo kuti Likoma ndi Chizumulu zili za Malawi ngakhale madzi otizungulira ndi a Mozambique, komanso kuti sukulu inafika msanga kwathu. Inu ngati mphunzitsi mudzapeza agogo oti mucheze nawo mpaka dzuwa kulowa.

Mapiri amene mudzawaone kummawa ndi a Mozambique, ndipo tauni ya Cobue ili pafupi, maboti a matanga amawoloka. Koma ndi dziko la eni, musakwere popanda pasipoti ndi chidindo cha a Immigration.

Za kuyenda nokha musade nkhawa kwambiri. Pachilumba tonse timadziwana, ndipo wakuba alibe kothawira mpaka sitima ibwere. Komabe usiku musayende nokha m'tinjira ta m'miyala, osati chifukwa cha anthu okha koma mdima ndi njoka. Zovala zosambira zithere pa loji. Mukamalowa m'mudzi mangani chitenje, perekani moni, ndipo musajambule amayi akusamba kapena kutsuka mbale kunyanja musanapemphe. Alendo ena amatiiwala kuti gombe limene iwo akuti lokongolalo kwa ife ndi pachitsime, pabafa ndi pamsika.

Ndipo ndalama zanu zina zitsale m'mudzi. Gulani nsomba kwa msodzi, mandasi kwa mayi wa pamsika, kwerani kabaza. Sitima ikaleka kuyenda milungu ingapo, kwa mlendo ndi nkhani yokafotokoza kwawo, kwa ife ndi shuga ndi ufa kukwera mtengo. Mukamva kuti kwina kuli malipenga kapena chioda, siyani tulo ta masana mupite.

Chimodzi chimene achimwenewa sanatchule: mwera. Kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti mphepo ya kummwera imawomba, ndipo nyanja imakalipa zenizeni. Munthu woopa madzi asayambire nthawi imeneyo.

Namwino_wa_Kumpoto wayankha:

Ndingowonjezera za umoyo. Gonani m'neti usiku uliwonse, malungo kunyanja ndi ambiri. Likodzo liliko m'nyanja ya Malawi, makamaka m'malo a bango ndi madzi odekha pafupi ndi midzi, komwe kumakhala nkhono. Musasambe m'malo otero. Mukabwerera, dikirani masabata 6 mpaka 8 kenako mupite kuchipatala akakuyezeni kapena akupatseni mankhwala a likodzo a praziquantel malinga ndi sikelo yanu. Kumwa tsiku lomwe mwatuluka m'madzi sikuthandiza, chifukwa mankhwalawa amagwira bwino tizilombo tikakula. M'sitima musadye zamafuta ambiri, ndipo mseru ukayamba khalani panja pamphepo muziyang'ana kutali, osati pa foni. Chipatala cha St Peter's chiliko pachilumba, koma mankhwala amene mumamwa nthawi zonse mutenge anu.

Nabanda_wa_Area25 wayankha:

Zikomo nonse, mwandimasula. A Mwana wa ku Chipyela, nkhani ya mwera yandidula miyendo, chifukwa holide yathu yaitali ndi ya Ogasiti yomweyo. Ndiye ndatsala ndi ya Khirisimasi kapena ya Pasaka. Iti yabwino? Tchalitchi ndikalowa ndithu, ana anga a Sitandade 6 ndidzawaonetse zithunzi. Koma a Chikwama, pulogalamu ina sindipanga, pamenepo ndili mbali yanu.

Mwana_wa_ku_Chipyela wayankha:

Disembala kumatentha kwambiri ndipo mvula imabwera ndi mphepo yadzidzidzi, komanso sitima imadzaza ndi ife eni ake tikupita kukadya Khirisimasi kwathu. Ubwino wake ndi mango okha, amene mudzadya mpaka kutopa nawo. Ine ndikanati Pasaka: mvula ikupita kumapeto, chilumba chili chobiriwira, mwera usanayambe mwamphamvu. Holide ya Pasaka ndi yaifupi, ndiye muwerengere bwino kuti sitima yobwerera isakhale ya sabata yotsegulira sukulu.

Chikwama_Kumsana wayankha:

Pasaka ndikuvomereza. Ndipo amwene a ku Chipyela, tchalitchi ndinalowa, kungoti achemwaliwa anafunsa za kugona pamchenga. Achemwali, foni ndi ndalama muziike m'jumbo ya pulasitiki mkati mwa chikwama, ndipo muvale nsapato zosaopa madzi, chifukwa m'madoko ena sitima imaima patali n'kukutsitsirani m'boti laling'ono, ndipo potsika umaponda m'madzi. Tochi musaiwale.